Akalaliki a pa Yunivesite Afuna Kulimbitsa Thupi, Koma Nthawi Ili Kuti?

LUSAKA — M'mwezi wa June caka ca 2024, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lapansi la World Health Organisation linalengeza kuti anthu acikulire 31 pa 100 alionse sagwiritsa nchito matupi ao mokwanira. Ciwerengero cimeneci, cimene cinali ca caka ca 2022, citanthauza anthu pafupifupi 1.8 biliyoni. Maiko a m'bungweli, pamodzi ndi Zambia, anapangana kale m'caka ca 2018 kuti pofika 2030 adzakhale atacepetsa bvutoli, koma bungwelo linati m'malo mocepa likukulira-kulira.

Mlimi wa ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi akamva nkhani yotere angathe kuseka, ndipo sangalakwe. Iye amalawirira kumunda ndi khasu dzuwa lisanatuluke, mkazi wace amatunga madzi, kutola nkhuni ndi kusinja, ndipo ulendo wa ku cigayo kapena ku cipatala ndi wa pansi kapena wa pa njinga. Munthu wotere safunika kuuzidwa kuti atuluke thukuta. Koma nkhaniyi imfika pakhomo mwa njira ina. Imfika kudzera mwa mwana wace uja anamphunzitsa ndi ndalama za nshawa ndi thonje, amene lero akhala ku Chawama mu Lusaka nagwira nchito ya ukalaliki pa University of Zambia, ndipo ndiye amatumiza ndalama za fataleza mwezi wa October ukafika. Mwanayo akagwa ndi matenda ofa ziwalo ali ndi zaka 45, munda wa kumudzi nawonso umagwa.

Sukulu yaikuluyi inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo m'caka ca 1965, ndipo ophunzira oyamba analowa mu March 1966. Anthu akaichula amaganiza za aphunzitsi obvala mikanjo ndi ophunzira a madigiri. Amaiwala gulu lalikulu limene limaiyendetsa tsiku ndi tsiku: alembi, osunga mabuku a ndalama, olemba maina a ophunzira, osamala nyumba ya mabuku, oyankha lamya, ogula katundu. Si onse amene akhala kumayadi. Ambiri akhala ku Kalingalinga, ku Mtendere, ku Matero, ku Kanyama, ku Chawama ndi m'makomboni ena. Nchito yao ndi ya pampando, maso pa kompyuta, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo. Zimene zinenedwa pano za iwo zikhudzanso anzao a m'mayunivesite ena a mu Lusaka ndi a m'maofesi a Boma.

MPANDO NDI MTIMA

Zakuti mpando umadwalitsa si nkhani ya lero. M'caka ca 1953 dotolo wina wa ku Britain, a Jeremy Morris, anafalitsa zimene anapeza atafufuza za umoyo wa anthu pafupifupi 31,000 ogwira nchito m'mabasi ndi zoyendera zina za mu mzinda wa London. Mabasi a kumeneko anali osanja, okhala ndi cipinda capansi ndi capamwamba. Woyendetsa anali kukhala pampando tsiku lonse, pamene kondakitala anali kukwera ndi kutsika makwerero kambiri-mbiri potolera ndalama. Anthu awiriwa anali a mzinda umodzi, a bwana mmodzi, opuma mpweya umodzi, koma oyendetsa ndiwo anali kugwidwa kwambiri ndi matenda a mtima, ndipo akagwidwa anali kufa msanga. A Morris anapezanso cimodzi-modzi ku positi: operekera makalata, oyenda pansi ndi pa njinga, anali ndi mitima yolimba kupambana akalaliki ndi olumikiza lamya okhala m'maofesi. Iwo eni anatsata zimene anapezazo, nakhala akusambira ndi kuyenda mpaka ukalamba, ndipo anamwalira mu 2009 ali ndi zaka 99.

Cifukwa cace ncosabvuta kumva. Minofu ya miyendo ikamagwira nchito imatentha shuga ndi mafuta a m'magazi, monga moto utentha nkhuni. Ikangokhala, shugayo atsala m'magazi, mafuta aunjikana m'mimba ndi m'mitsempha, mitsempha iuma ndi kucepa, ndipo mtima uyenera kukankha magazi ndi mphamvu yoposa. Ndiko kuthamanga kwa magazi kumene a m'tauni amati BP. Sikupweteka, motero munthu angakhale nako zaka zambiri osadziwa, mpaka tsiku limene mtsempha wa m'mutu uphulika kapena kutsekeka, mkono ndi mwendo nizifa, pakamwa napotoka. Kumudzi kulemala kotere kawiri-kawiri amakuika pa mfiti, nati anzace a ku nchito anamcitira nsanje.

Muno m'Zambia, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi World Health Organisation unacita kafukufuku wodziwika ndi dzina lakuti STEPS m'caka ca 2017, pakati pa anthu a zaka 18 mpaka 69. Anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse anali ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri a iwo sanali kumwa mankhwala. Pafupifupi mmodzi mwa anai anali wonenepa kupyola muyezo, ndipo 6 pa 100 anali ndi shuga wokwera m'magazi. Osagwiritsa nchito thupi mokwanira anali mmodzi cabe mwa khumi, ciwerengero cocepa poyerekeza ndi ca maiko olemera. Koma cimeneco cisanyenge munthu. Cacepa cifukwa mwawerengedwa alimi, asodzi, ophwanya miyala ndi amai osenza mitolo. Mmodzi mwa khumi uja apezeka maka-maka m'tauni, ndipo wa mu ofesi ali pakati pao.

Tsono funso ndi ili: kodi anthu amenewa ali okonzeka kusintha? Kalaliki wa pa yunivesite si mbuli. Amataipa ndi manja ace zolemba za anthu ophunzira, amawerenga manyuzipepala, amapita kumaliro a anzace a mu ofesi. Akafunsidwa ngati kulimbitsa thupi nkwabwino, yankho lace ndi inde. Koma kudziwa ndi kukonzeka nzosiyana. Akatswiri awiri a za maganizo a anthu a ku America, a James Prochaska ndi a Carlo DiClemente, ataphunzira anthu ofuna kuleka fodya, analongosola kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980 kuti munthu sasintha khalidwe tsiku limodzi, koma amakwera pang'ono-pang'ono monga pa makwerero. Pambuyo pace akatswiri ena anagwiritsa nchito makwerero omwewo poyesa anthu pa nkhani ya masewera olimbitsa thupi.

Mlimi angawamve bwino makwererowa akaganizira za kutsegula munda watsopano. Pali munthu amene sanaganizepo nkomwe zotsegula munda, ndipo womuuza amamuyang'ana ngati wamisala. Pali wina amene caka ndi caka amaloza chire ndi dzanja nati, "Apo ndidzalima," koma nkhwangwa ili gone m'nyumba. Wacitatu wanola nkhwangwa, wapempha malo kwa amfumu, wachula ndi tsiku lomwe. Wacinai wayamba kugwetsa mitengo, koma matuza ali m'manja ndipo angaleke mawa. Wacisanu ndi uja amene munda unazolowera phazi lace. Pa za kulimbitsa thupi akatswiri amati munthu wafika pa khwerero lacisanu akapitiriza miyezi isanu ndi umodzi osaleka. Amatinso kuterereka kubwerera pansi si cacilendo, pakuti ambiri amagwa kangapo asanakhazikike.

Phindu la makwererowa ndi lakuti asonyeza kuti aliyense afunika thandizo lace-lace. Woyamba afunika kuuzidwa. Waciwiri kuuzidwa anauzidwa kale, ndipo kumuonjezera mapepala ndi zikwangwani nkungotaya inki. Apa ndi pamene pali bvuto la akalaliki a ku Chawama. Ambiri a iwo aimirira pa khwerero laciwiri, akuloza chire. Nsapato zothamangira za pa salaula anagula mu January, ndipo zili pansi pa bedi. Cowatsekereza ndi maola, msewu ndi maso a anthu.

TSIKU LA WA KU CHAWAMA

Chawama ili kummwera kwa mzinda, pafupi ndi msewu wa Kafue, pamene yunivesite ili kum'mawa, pa msewu wa Great East wopita ku Chipata. Wocokera ku Chawama akwera basi yaing'ono kupita m'tauni, natsika, nakweranso ina. Kuti 8 koloko impeze pa desiki ayenera kucoka panyumba ca m'ma 6 koloko, pakuti misewu yolowa m'tauni imadzaza m'mawa, ndipo basi siicoka pa sitesheni isanadzale. Madzulo ndi cimodzi-modzi. Amaweruka 5 koloko, nafika kunyumba 7 koloko ili pafupi. M'miyezi ya cisanu, June ndi July, dzuwa la mu Lusaka limalowa 6 koloko isanakwane, motero amacoka kusanace bwino nabwera kuli mdima. Maola asanu ndi atatu ndi a pa mpando wa ofesi, ena atatu kapena kuposapo ndi a pa mpando wa basi, mawondo atapindika. Kumuuza munthu wotere kuti azithamanga m'mawa kapena madzulo ndiko kumpempha ola limene alibe.

Mnzace wa ku Kalingalinga ali ndi mwai, pakuti komboni yace yagundana ndi malo a yunivesite, ndipo angayende pansi kupita ndi kubwera osalipira ngakhale ngwee imodzi. Anthu awiri a ofesi imodzi, a malipiro amodzi, a maphunziro amodzi: mmodzi akwanitsa muyezo wa madotolo osadziwa nkomwe, wina alephera ngakhale afunitsitsa. Wofuna kuyesa kukonzeka kwa munthu ayambe wamfunsa kumene amagona.

Ndipo ngakhale olalo litapezeka, angathamangire kuti? Chawama inayamba m'nthawi ya atsamunda ngati malo ogona anchito pa malo a mzungu, ndipo inali kudziwika ndi dzina lakuti Roberts Compound. Anthu anali kumanga paliponse pamene apeza mpata. Lamulo la nyumba la 1974, ndi nchito yokonza makomboni imene inacitika ndi ngongole ya World Bank m'zaka zotsatira, zinabweretsa mipope ya madzi, misewu ndi ziphaso zokhalira pa malo ku Chawama, ku George, ku Chaisa ndi ku komboni ya Chipata. Koma anthu anaculuka kupambana mapulani, ndipo malo ambiri apululu amene ana anali kuponyerapo mpira anadyedwa ndi nyumba, machalichi, mabawa ndi tuntemba. M'mphepete mwa msewu mwadzala ogulitsa tomato ndi makala. Lusaka yakhala pa thanthwe, pa malo athyathyathya, ndipo mvula ikagwa madzi sapita msanga. Amaima m'njira nasakanizika ndi za m'zimbudzi. Kolera wa 2017 mpaka 2018 ndi wa 2023 mpaka 2024 anaphunzitsa anthu a m'makomboni kuopa madzi oima, ndipo kawiri konse bwalo la National Heroes Stadium, lomangidwira masewera, linasanduka cipatala ca odwala kolera. Kuyambira December mpaka March kuyenda kwa madzulo m'njira zambiri za ku Chawama nkwa majombo.

Kwa mai wogwira nchito ya ulembi bvuto ndi lowirikiza. Kafukufuku wa 2017 uja anapeza kuti amai osagwiritsa nchito thupi mokwanira anali 15 pa 100, pamene abambo anali pafupifupi 6. Mai akafika panyumba ayamba nchito yaciwiri: kukoleza mbaula magetsi akazima, kuphika, kusambitsa ana, kusita zobvala za mawa. Nchito imeneyi itopetsa msana, koma kawiri-kawiri siifulumizitsa mtima. Ndipo mai wa pabanja amene angalimbe mtima kubvala zothamangira m'komboni ayenera kupirira miluzu ya anyamata a pa sitesheni, mafunso a mwamuna wace ndi maso a apongozi. Kukada pali mantha a magulu a anyamata olanda anthu, amene a mu Lusaka amawacha majanki.

Koma copinga cacikulu koposa cili m'mitu ya anthu, ndipo mizu yace ili kumudzi. Makolo potumiza mwana kusukulu anali kumuuza kuti, "Phunzira, kuti usadzabvutike ndi khasu ngati ife." Thukuta linali cizindikiro ca wolephera mayeso. Mwana anamvera, naphunzira, napeza mpando. Tsopano dotolo akumuuza kuti abwerere ku thukuta lomwelo limene analithawa zaka khumi ndi ziwiri za sukulu. M'tauni woyenda pansi amayesedwa wosauka. Anzace akamuona m'mbali mwa msewu amaimitsa galimoto namfunsa ngati zinthu zabvuta. Njinga, imene ku Chipata ndi cuma colemekezeka kuyambira masiku a njinga za Eagle za ku Luangwa Industries, mu Lusaka imayesedwa ya alonda ndi ogulitsa makala. Kalaliki wobvala tayi akafika pa nchito ndi njinga angasekedwe mpaka mwezi kutha.

Ndipo akabwera kumudzi pa chuthi ca Khrisimasi mimba itatsogola, azakhali amaluluta nati, "Mwanenepatu, a Phiri, tauni yakukondani!" Akabwera ataonda, anthu amanong'onezana kuseri kwa nkhokwe. Manong'onong'o amenewa ali ndi mbiri yowawa. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, mankhwala otalikitsa moyo asanafike m'zipatala za Boma, kuonda kunali kuyesedwa cizindikiro ca AIDS, ndipo matendawo anthu anali kuwacha kaliondeonde. Mankhwala anafika, koma mantha aja sanathe onse. Munthu amene angacepetse thupi ndi makilo asanu kaamba ka umoyo wace amaopa funso lakuti, "Kodi muli bwino?" Motero amasunga mimba yace ngati ciphaso ca umoyo. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Coseketsa, ngati nkoyenera kuseka, ncakuti kukwezedwa pa nchito kumaonjezera ngozi. Mtengatenga wonyamula mafailo kucoka ku ofesi ina kupita ku ina amayenda mtunda wautali tsiku lililonse osauwerenga. Akakwezedwa nakhala kalaliki, amatuma mnzace. Akakhala mkulu wa ofesi, ngongole ya galimoto ipezeka, ndipo ngakhale mphindi khumi zija zoyenda kupita kokwerera basi zimatha. Kompyuta ndi lamya ya m'manja zinatsiriza zotsala, pakuti kalata imene kale inali kunyamulidwa ndi miyendo lero ipita ndi cala. Cakudya naco cimasintha: pamene panali nsima ya mgaiwa ndi cibwabwa palowa chipisi, soseji ndi zakumwa za shuga.

Anthu a ku Chawama anaonapo kuti maso a anthu angathe kutembenuka. Malemu a Edgar Lungu, amene anali phungu wa Chawama kuyambira 2011 asanakhale mtsogoleri wa dziko mu January 2015, anali odziwika ndi cizolowezi cothamanga m'mawa, ndipo Loweruka anthu ambiri anali kuwatsata m'misewu ya mu Lusaka. Mu September 2023, iwo atacoka kale pa mpando, apolisi anati kuthamangako kwasanduka za ndale ndipo kufunika cilolezo. A cipani cao anatsutsa. Za ndalezo nza ena. Cokhudza nkhani ino ncakuti munthu wamkulu atabvala zothamangira, kutuluka thukuta kunaleka kuoneka ngati kwa amphawi. Malemu a Kenneth Kaunda naonso, mu December 2013, ali ndi zaka 89, anathamanga kupita pa nsanja kukalankhula pa maliro a Nelson Mandela ku Qunu, dziko lonse likuona. Koma citsanzo ca akulu cimangokweza munthu kucoka pa khwerero loyamba kufika pa laciwiri. Kuthamanga kwa cikhamu kwa tsiku limodzi, ndi malaya atsopano ndi zithunzi, nkosiyana ndi kuyenda kwa Lolemba mpaka Lacisanu kopanda woombera m'manja.

OLA LA MASANA

Muyezo umene World Health Organisation inaika si wa a Samuel Matete, amene anapata mendulo ya golide ku Tokyo mu 1991, kapena wa a Muzala Samukonga, amene anabwera ndi mendulo kucokera ku Paris mu 2024. Munthu wamkulu afunika mphindi zosacepera 150 pa sabata za nchito yofulumizitsa mtima pang'ono, ndiko kuti theka la ola masiku asanu, ndiponso masiku awiri a nchito yolimbitsa minofu. Kuyenda ndawala, kumene munthu angathe kulankhula koma sangathe kuimba, nkokwanira. Malangizo a 2020 anacotsa lamulo lakale lakuti mphindizo zizikwana khumi pa nthawi imodzi. Tsopano zilizonse ziwerengedwa. Pang'ono-pang'ono ndi mtolo. Sipafunika ndalama zolipira ku nyumba zolimbitsiramo thupi za kumayadi, zimene malipiro a kalaliki wa lendi ndi ana a sukulu sangazithe. Wa ku Chawama wotsika basi pa Arcades, nayenda pansi mpaka pa cipata ca yunivesite, nakwera makwerero a ofesi yace, wapata kale gawo lalikulu la muyezo wa tsikulo.

Komabe ola lokha limene kalaliki ameneyu ali nalo m'manja, dzuwa likuwala, pa malo opanda mantha, ndi la cakudya ca masana, 1 koloko mpaka 2 koloko. Ndipo pa ola limenelo ali pa malo amene ku Chawama kulibe ofanana nao. Yunivesite ya pa Great East ili ndi malo aakulu, mitengo ya mthunzi, mabwalo a mpira, ndi maiwe a Goma amene munthu angayende m'mbali mwace osakumana ndi basi. Apa ndi pamene nkhani ya kukonzeka ileka kukhala ya wanchito yekha nikhalanso ya womlemba nchito. Lamulo la nchito la Employment Code la 2019 linaika pa olemba anthu nchito udindo wokhala ndi ndondomeko ya umoyo wabwino wa anchito ao, pambali pa ya HIV ndi AIDS. Ndondomeko yotere ingathe kukhala pepala logona m'kabati, ndipo ingathenso kunena zinthu zogwirika: tsiku ndi ola limene ofesi yonse ituluka, malo osambira ndi osinthira zobvala, poimika njinga posaopa mbala, ndi kupima magazi pa nthawi zoikika. Pa zonsezi madzi osamba ndi ofunika kuposa m'mene akulu a maofesi aganizira, pakuti palibe mlembi amene adzabwerera pa desiki kukalandira alendo malaya atanyowa. Ndipo mkulu wa ofesi ayenera kutsogola. Kalaliki sangatuluke pamene bwana wace akuyang'ana wochi.

Njira imeneyi si yacilendo m'dziko muno. M'zaka za m'ma 2000 maofesi ambiri anasankha anchito ena nawaphunzitsa kuti aziphunzitsa anzao za HIV, ndipo nkhani imene inali ya manyazi inayamba kukambidwa pa nthawi ya tiyi. Gulu limagwira munthu pamene mtima wace wafooka. Anthu a m'makomboni adziwa bwino mphamvu ya cilimba: munthu amene payekha sangasunge K100 amaipereka mwezi ndi mwezi osalephera, cifukwa anzace akumdikira ndipo kusowa kwace kudzaoneka. Kuyenda kwa masana kungayendetsedwe momwemo, anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi ogogodana pa zitseko ikakwana 1 koloko. Mai amene sakanayenda yekha ayenda pakati pa anzace, ndipo amene akanasekedwa yekha sasekedwa ali ndi mkulu wa ofesi pambali pace.

Olemba nchito amene angati zimenezi nzotaya nthawi awerenge mtengo wa kudwala. World Health Organisation inaganizira mu 2018 kuti imfa 29 pa 100 zilizonse m'Zambia zinali za matenda osapatsirana, monga a mtima, a shuga ndi khansa. Kuyambira 2019 wanchito wa malipiro a pamwezi anayamba kudulidwa ngwee imodzi pa Kwacha iliyonse, bwana naikapo ina, kupita ku thumba la inshuwalansi ya umoyo la NHIMA. Thumbalo lithandiza, koma lithandiza munthu atadwala kale. Mankhwala a BP ndi a shuga ndi a moyo wonse, ndipo impso zikafa, kutsuka magazi ndi makina kumafuna ulendo wa ku cipatala kawiri kapena katatu sabata iliyonse. Ofesi yotaya wosunga mabuku a ndalama amene wakhala pa nchito zaka 20 siingapeze wodziwa monga iye pa sabata imodzi.

Mbali ya Boma ndi khonsolo ya mzinda ndiyo msewu. Mu 2019 Boma linatulutsa ndondomeko ya oyenda pansi ndi pa njinga, yonena za tinjira ta m'mbali mwa misewu ndi malo oolokera. Pa zaka zomwezo nchito yocepetsa kuthithikana kwa magalimoto inamanga milatho yodutsa pamwamba ku Makeni, ku Arcades, ku Munali ndi ku Longacres. Milathoyo inathandiza a magalimoto. Koma maulendo ambiri a mu Lusaka ndi a pansi, ndipo mu 2022 anthu oposa 2,000 anafa pa ngozi za pamsewu m'dziko muno, gulu lalikulu mwa iwo likhala la oyenda pansi. Kulangiza munthu kuti apalase njinga kucokera ku Chawama mpaka ku Great East popanda kanjira kace ka njinga ndiko kumlanditsa kwa BP ndi kumpereka kwa lole.

Amene wakhala zaka zambiri osatuluka thukuta, maka-maka wopitirira zaka 40 kapena wonenepa, asayambe ndi liwiro. Ayambe wapimitsa magazi. Cipatala ca Chawama, cimene cinakulitsidwa ndi thandizo la dziko la Japan pamodzi ndi ca Kanyama ndi ca komboni ya Chipata, cimapima BP, ndipo pa yunivesite pomwepo pali kiliniki. Kupimako ndi kwa mphindi zowerengeka. Muyezo ukafika 140 pamwamba kapena 90 pansi, nubwereza tsiku lina, afunika kuonana ndi dotolo, ndipo akapatsidwa mankhwala asawaleke poti wayamba kuyenda. Womva kupweteka pa cifuwa, cizungulire kapena kubanika poyenda aime, napite ku cipatala tsiku lomwelo.

Cenjezo lomweli lipite kwa makolo. Mwana akaimba lamya kutha kwa mwezi, kumfunsa ngati anapimitsa magazi nkoyenera. Akabwera pa chuthi ca December, nthawi ya kupalira, kumkhazika pansi pa mtengo wa mango sabata yonse sikumthandiza, koma kumsiyira munda wonse tsiku limodzi nkoopsa kwa mtima umene unazolowera mpando. Mizere iwiri ya cimanga m'mawa dzuwa lisanakule ndi yokwanira kwa munthu amene manja ace anaiwala mpini, ndipo wacitatu aonjezere mawa lace.